KUTULUKA M'CHIPATALA SI KUCHIRA: MOYO WA WODWALA IMPSO AKABWERERA KUMUDZI



Tsiku limene wodwala wathu watuluka m'chipatala limakhala la chisangalalo pamudzi. Amayi amapha nkhuku, ana amasesa pabwalo, ndipo anansi amabwera mmodzimmodzi kudzakhala pamkeka, aliyense akuti Alhamdulillah, mwabwerako. Buku la kuchipatala lija amaliponya pansi pa sutikesi pamodzi ndi makadi a sikelo a ana. Pakatha sabata ziwiri, odzazonda amachepa. Pakatha mwezi, anthu amayamba kufunsana chapansipansi kuti kodi bambo aja abwerera liti kunyanja. Tsono bamboyo, pochita manyazi kudya thukuta la mkazi wake, amanyamula nkhafi m'mamawa n'kupita kudoko, miyendo ikali kunjenjemera.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, chithunzi chimenechi tonse tikuchidziwa, kaya tili ku Ntaja, ku Ulongwe, ku Nayuchi kapena ku Utale. Pa matenda ambiri changu choterechi sichipweteka kwenikweni. Koma alipo matenda amodzi amene amasiya chilonda chosaoneka ndi maso, ndipo chilondacho chimapola kapena kunyeka malinga ndi zimene banja lichita m'miyezi yoyamba. Amenewa ndi matenda a kufooka kwa impso kwadzidzidzi. Madokotala amawalemba ndi zilembo zitatu zokha, AKI. Ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene anagonekedwapo chifukwa cha kolera, malungo aakulu kapena kutaya magazi pobereka, tulutsani buku lake lija muone ngati zilembozi zilimo. Ngati zilimo, nkhani ino ndi ya banja lanu.

CHIMENE CHINATIGWERA MU 2022

Pa 3 Marichi 2022 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti kolera wabuka m'dziko muno. Wodwala woyamba kutsimikizidwa anapezeka pachipatala cha boma cha Machinga, ku Liwonde, patangopita sabata zochepa namondwe Ana ataononga zimbudzi ndi zitsime m'chigawo cha kummwera. Anthu ambiri ankaganiza kuti mvula ikatha matendawo athanso, monga zimakhalira zaka zina, koma anapitirira chilimwe chonse n'kufalikira m'maboma onse. Pofika pakati pa 2023, anthu oposa 58,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 anali atamwalira. Inna lillahi wa inna ilayhi raji'un. Maboma a m'mphepete mwa nyanja, makamaka Mangochi, anali m'gulu la amene anakhudzidwa kwambiri, ndipo Machinga ndi Balaka sanatsale.

Ziwerengerozi zikutiuza za amene anapita. Koma chotsani omwalirawo pa odwalawo, mupeza kuti anthu oposa 56,000 anabwerera kwawo amoyo. Ena mwa iwo anafika kumsasa wa kolera maso atalowa, khungu litauma, atatha tsiku lathunthu osakodza. Kusakodza kumeneko ndiye mfuu wa impso. Kolera amakhetsa madzi m'thupi mofulumira kwambiri moti magazi opita ku impso amachepa, ndipo impso zikasowa magazi zimaima. Diripi ndi Thanzi zimapulumutsa moyo, mkodzo umayambiranso, wodwala amatulutsidwa. Funso limene tinaiwala kufunsa pa chisangalalo chija ndi lakuti: kodi impso zija zinabwerera mwakale?

NTCHITO YA IMPSO

Allah anatipatsa impso ziwiri, iliyonse kukula kwake ngati chibakera cha mwini wake, zobisika kumsana pansi pa nthiti. M'kati mwa impso iliyonse muli tosefera ting'onoting'ono pafupifupi 1 miliyoni. Tsiku lililonse impso zimasefa madzi a m'magazi okwana malita 180, ndiye kuti zigubu 9 za malita 20, n'kubwezera pafupifupi onse m'thupi. Otayidwa ngati mkodzo amangokhala lita imodzi kapena awiri. Kupatula kuchotsa zoipa, impso zimayeza mchere ndi madzi oyenera kutsala m'thupi, zimathandiza kuti BP ikhale pamlingo wake, ndiponso zimatumiza uthenga ku mafupa kuti apange magazi.

Impso zimafooka mwadzidzidzi m'njira zitatu. Yoyamba ndi kuchepa kwa magazi ofika ku impso, monga zimachitikira pa kolera, kutsekula m'mimba, kusanza kwambiri kapena kutaya magazi. Yachiwiri ndi kupsa kwa tosefera tija chifukwa cha malungo aakulu, tizilombo tolowa m'magazi, ululu wa njoka kapena mankhwala ena. Makolo amene anaonapo mwana wa malungo akukodza mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka anaona njira imeneyi ndi maso awo. Yachitatu ndi kutsekeka kwa njira ya mkodzo, monga kwa abambo achikulire amene mkodzo umawavuta kutuluka, kapena kwa munthu amene likodzo la zaka zambiri lamusiyira zipsera m'chikhodzodzo ndi m'mitsempha ya mkodzo. Ife a ku Chilwa, ku Chiuta, ku Malombe ndi m'mbali mwa Shire likodzo timakula nalo, ndipo ena amayesa magazi a mumkodzo wa mnyamata ngati chizindikiro cha kukula. Ndi matenda, ndipo mankhwala ake a praziquantel alipo kuchipatala.

Chotonthoza mtima n'chakuti tosefera tambiri tovulala timatha kudzikonza. Chofunika kudziwa n'chakuti tosefera tofa sitimeranso. Totsalato ndi timene timasenza katundu yense mpaka munthu atakalamba.

ZIMENE MADOKOTALA ANAPEZA KU BLANTYRE

Mu 2015 madokotala a pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre anayeza impso za odwala akuluakulu 892 amene anagonekedwa m'mawodi a matenda wamba. Mwa iwowa, 153 anapezeka ndi kufooka kwa impso kwadzidzidzi, ndiye kuti pafupifupi munthu mmodzi pa 6 alionse. Ambiri anali anthu apakati, a msinkhu wolera ana, ndipo chimene chinawagwetsa kwambiri ndi tizilombo m'magazi komanso kutha madzi m'thupi. Ambiri anali atamwa mankhwala opweteka impso asanafike kuchipatala. Pa odwala 100 alionse amene impso zinafooka, pafupifupi 44 anamwalira m'chipatala momwemo. Mwa amene anatuluka amoyo, ambiri ndithu anatuluka impso zisanabwerere mwakale.

Impso zikaima kotheratu, wodwala amaikidwa pa makina osefa magazi, amene amatchedwa dayalisisi. Makinawa anayamba kugwira ntchito pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe mu 1998, ndipo ku Queen Elizabeth anafika mu 2011. M'zipatala za boma wodwala salipira, koma munthu wa ku Nsanama kapena ku Phalula ayenera kudzera pachipatala cha boma lake, n'kutumizidwa kutali. Kuchoka ku Liwonde kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 100. Kwa wofooka impso mwadzidzidzi makinawa nthawi zambiri amakhala ngati mlatho wa masiku kapena sabata zowerengeka. Koma impso zikafa pang'onopang'ono chifukwa chosasamalidwa, munthu amafunika makinawo kawiri kapena katatu pa sabata moyo wake wonse. Taganizani za banja la msodzi limene lingakwanitse ulendo wotere. N'chifukwa chake tikunena kuti nkhondo yeniyeni ili pakhomo pathu, wodwala akangobwerako.

WACHIRA, KOMA SALI MONGA KALE

Chinthu choyamba chimene opulumuka matendawa amadandaula ndi kutopa. Bambo amene ankapalasa bwato kuchokera kudoko mpaka kuzimbowera osapuma, lero akangopita kumzikiti n'kubwerako amafuna kugona. Mayi amene ankasenza ndowa kuchokera kumjigo akuchita chizungulire posinja. Chimachititsa n'chakuti munthu akagona pabedi masiku ambiri akudwala kwambiri, mnofu wa m'miyendo ndi m'manja umatha, ndipo subwerera pa sabata imodzi. Kawirikawiri magazi amakhalanso atachepa, popeza impso zofooka sizitumiza bwino uthenga uja ku mafupa. Ena chakudya sichiwakomera, ena tulo timawavuta, ena amaiwalaiwala zinthu zimene angouzidwa kumene.

Chachiwiri ndi cha mumtima. Munthu amene anaona anzake akutulutsidwa mumsasa ataphimbidwa, kapena amene anaona magazi ake akuyenda m'mapaipi a makina, sabwera ndi mtima umene anapita nawo. Amadzidzimuka usiku. M'mimba mukangolira pang'ono amayamba mantha. Ena amangokhala phee pakhonde, osafuna kucheza ndi munthu. Apa tisafulumire kunena kuti imani yake yachepa kapena kuti wina wamuchita chipongwe. Kukhumudwa pambuyo pa matenda aakulu ndi chinthu chodziwika kwa madokotala, ndipo chithandizo chake chilipo.

Chachitatu ndi cha m'thumba. Pamene bambo anali m'chipatala, mbuzi inagulitsidwa, njinga ya kabaza inapita pachikole, munda wa thonje sunapaliridwe, ndipo mwini khoka anapeza mlovi wina. Kwa mkamwini amene akukhala kwa mkazi wake, maso a apongozi amalemera kuposa katundu aliyense. Mawu amodzi okha akuti "anzanu akugwira ntchito" ndi okwanira kumutumiza kudzuwa la ku Balaka thupi lisanakonzeke.

Vuto lake n'lakuti kunja munthuyo amaoneka bwino. Alibe bala, alibe bandeji, satsimphina. Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Impso zimatha kutaya mphamvu yochuluka munthu osamva kupweteka kulikonse, mkodzo ukutuluka monga mwa masiku onse. Madokotala a m'maiko ambiri anatsimikiza kuti munthu amene impso zinamufookapo mwadzidzidzi ali pachiopsezo chachikulu kuposa anzake choti zifookenso, choti adwale matenda a impso a mgonagona, BP ndiponso mtima.

MIYEZI ITATU

Malangizo amene akatswiri a impso a padziko lonse anatulutsa mu 2012 amati wodwala aliyense wotere ayezedwenso pakatha miyezi 3. Chifukwa chake n'chakuti imeneyi ndiyo nthawi imene impso zimapatsidwa kuti zidzikonze. Ngati pakutha pa miyeziyi zikadali zofooka, ndiye kuti matendawo asanduka a mgonagona ndipo munthuyo afunika kumaonedwa nthawi ndi nthawi. Adokotala akakupatsani tsiku loyandikira kuposa pamenepa, monga pakatha sabata ziwiri, tsatirani lawolo.

Popita kumeneko pali zinthu zinayi zoti mupemphe. Choyamba, kuyeza magazi kotchedwa creatinine, kumene kumaonetsa kuchuluka kwa zoipa zimene impso zalephera kuchotsa. Kuyeza kumeneku kumachitikira ku labotale, choncho funsani pachipatala chaching'ono chakwanu kuti akutumizeni kuchipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, ndipo kukafunika, ku Zomba Central. Chachiwiri, kuyeza mkodzo ndi kapepala koviika, kamene kamaonetsa ngati impso zikudontha. Chachitatu, BP. Chachinayi, kuchuluka kwa magazi m'thupi. Pemphani kuti zotsatira zilembedwe m'buku, ndipo bukulo likadzaza musalitaye. Lisokereni kumodzi ndi latsopano.

Dziwaninso ichi: creatinine amachokera ku mnofu. Munthu amene waonda kwambiri ndi matenda akhoza kupezeka ndi nambala yooneka yabwino tsiku lotuluka m'chipatala, chikhalirecho impso sizinachire. Ndiye chifukwa china chobwererako thupi litayamba kubwerera.

Koma pali zizindikiro zosadikira tsiku la m'buku. Mkodzo ukachepa kwambiri kapena kusiya, mapazi ndi nkhope zikatupa, mpweya ukamabanika pogona, akamasanza chilichonse, akamasokonezeka mutu kapena kugona tulo tosadzuka bwino, pezani njinga tsiku lomwelo. Chimodzimodzi akayamba kutsekula m'mimba: sungunulani paketi imodzi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, azimwa muli pa ulendo wa kuchipatala. Thupi likatentha, akayezetse malungo tsiku lomwelo. Ndipo kulikonse kumene wapita, mawu oyamba kwa adokotala kapena anamwino akhale akuti: impso zanga zinafookapo.

MANKHWALA A PAGOLOSALE NDI A M'BOTOLO

Msodzi, mlimi ndi wakabaza onse amadziwa kupweteka kwa msana, ndipo onse amadziwa pogula mankhwala ake. Brufen, Diclofenac ndi Indocid amapezeka mosavuta, ndipo ena amamwa awiriawiri m'mimba muli njala asanapite kuntchito. Mankhwala a gulu limeneli amachepetsa magazi olowa mu impso. Kwa munthu wathanzi amene wamwa madzi okwanira, impso zimapirira. Kwa munthu amene impso zinavulalapo, makamaka ali padzuwa thukuta likutuluka, mapiritsi amenewa akhoza kumubwezera pabedi lomwe lija. Wotere asamwe pokhapokha adokotala odziwa mbiri yake atamulembera. Panado womwa pa mlingo woyenera ndiye wosapweteka impso.

Za mankhwala azitsamba tilankhule mosabisa, pakuti m'nyumba zathu zambiri alimo. Chilichonse chimene munthu wamwa chimakathera ku chiwindi ndi ku impso. Botolo logulidwa pamsika, lolembedwa kuti limatsuka impso, silinena zimene zili m'katimo kapena mlingo wake, ndipo madokotala a m'dziko muno akhala akulandira odwala amene impso zinaima atamwa zotere. Impso yovulala imafuna kupumula. Achibale obwera ndi mizu amabwera ndi chikondi, choncho tiwathokoze mwaulemu, koma tiwauze kuti a kuchipatala analetsa.

Amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a shuga kapena a BP asasiye okha. Ena mwa mankhwalawa, monga tenofovir amene ali m'mapiritsi a ma ARV amene anthu ambiri amamwa, ndiponso metformin wa shuga, amafuna kusinthidwa kapena kuchepetsedwa impso zikafooka. Wosintha ndi dokotala. Udindo wa wodwala ndi kupita ndi mabotolo ake onse kuchipatala n'kuwaika patebulo. Safunsa anadya phula.

MPHIKA NDI MTSUKO

Mayi wa pakhomo ali ndi mankhwala amphamvu m'manja mwake, ndiwo kuchepetsa mchere. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, umene sudzaza n'komwe supuni yaing'ono ya tiyi, kuwerengera ndi wa m'ndiwo zonse. Mchere umakweza BP, ndipo BP ndiyo imamaliza tosefera totsala tija. Chotsani kambale ka mchere pamkeka. Nsomba zoumitsa ndi mchere ziviikidwe m'madzi musanaphike. Zokometsera za m'mapaketi zili ndi mchere wambiri. Anyezi, tomato ndi mandimu zimakometsa ndiwo popanda vuto limenelo. Ndi bwino banja lonse lidye mphika umodzi, kuti wodwala asadzione ngati wosalidwa.

Musamumane chakudya poopa impso. Munthu amene mnofu unatha afunika nsima, mpunga, matemba, usipa, mazira, nyemba ndi masamba kuti abwerere. Pali odwala ochepa amene impso zawo zikadali zofooka kwambiri, amene adokotala angawauze kuchepetsa nthochi, mbatata ndi ndiwo zophikira chidulo, chifukwa zili ndi mchere wina wotchedwa potaziyamu umene ukachuluka m'magazi umasokoneza mtima. Lamulo limeneli ndi la okhawo amene auzidwa.

Madzi nawo ali ndi mlingo. Amene impso zachira amwe mokwanira kuti mkodzo uzioneka woyera, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene chigwa cha Shire chimatentha. Amene akutupa, kapena amene anapatsidwa mlingo wa madzi pa tsiku, asakakamizidwe kumwa zigubu poganiza kuti akutsuka impso. Madziwo akhale a pamjigo, owiritsa kapena othira klorini, pakuti kolera wachiwiri sangapeze impso zamphamvu ngati woyamba.

Za ntchito, pang'onopang'ono ndi mtolo. Ayambe kuyenda pakhomo, kenaka kukafika kumzikiti, kenaka kusoka maukonde pamthunzi kapena kugulitsa pabenchi. Kukoka khoka ndi kulima masana zibwere pambuyo, adokotala atavomereza.

RAMADHANI YOYAMBA

Palibe chimene chimapweteka Msilamu wodwala ngati kumva anzake akudzuka kudya daku iye atauzidwa kuti asafunge. Mu 2023 Ramadhani inayamba kumapeto kwa Marichi, kolera akadali pakati pathu ndiponso namondwe Freddy atangodutsa kumene. Mabanja ambiri anakumana ndi funsoli maso ndi maso.

Kuno kwathu swaumu imatenga maola 13 mpaka 14 munthu osalawa madzi. Popeza Ramadhani imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, m'zaka zikubwerazi ikulowera ku Januwale ndi Disembala, pamene masana amatalika ndipo ntchito ya kumunda imachuluka. Kwa impso zimene zangovulala kumene chifukwa chosowa madzi, maola amenewa ndi katundu wolemera.

Chipembedzo chathu sichinatisiye mumdima. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-Baqarah ndime 184 ndi 185, ikupereka chilolezo kwa wodwala kuti asiye kufunga n'kudzabweza masikuwo nthawi ina. Amene matenda ake ndi osayembekezeka kuchira amapereka fidiya, kudyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse limene sanafunge. Kulandira chilolezo chimene Allah wapereka ndi kumumvera Iye. Thupi ndi amana imene tinasungitsidwa, ndipo tidzafunsidwa za m'mene tinaisungira.

Tsono dongosolo labwino ndi ili. Mwezi wa Sha'abani usanathe, wodwala apite kuchipatala ndi buku lake akayezetse, n'kufunsa mwachindunji ngati angafunge. Yankho la adokotala apite nalo kwa a Shehe kuti amuunikire za kubweza kapena za fidiya. Amene sanathe miyezi 3 chitulukireni m'chipatala, kapena amene impso zikadali zofooka kwambiri, kawirikawiri amalangizidwa kusafunga. Masiku obweza akhoza kuwaika mu Juni ndi Julayi, pamene kumazizira ndipo masana amafupika. Amene waloledwa kufunga amwe madzi pang'onopang'ono kuyambira pa futari mpaka pa daku, apewe zamchere pa daku, apewe ntchito ya padzuwa, ndipo akayamba kusanza, kutsekula m'mimba, chizungulire kapena mkodzo kuchepa, amasule nthawi yomweyo.

Swala nayo ili ndi zofewetsa zake. Wosatha kuimirira amaswali chokhala, wosatha kukhala amaswali chogona. Amene akadali ndi kapaipi ka makina pakhosi kapena pachifuwa sayenera kukanyowetsa, chifukwa tizilombo tingalowere pamenepo. Afunse a Shehe za kasambidwe ndi za tayammamu. Anzake a pamzikiti amusungire malo kumapeto kwa safu, pafupi ndi khoma, ndipo pasapezeke womuyang'ana ndi diso lofunsa.

AMAYI NDI ANA

Amayi ena impso zimawafooka pa uchembere, chifukwa chotaya magazi ambiri, BP yokwera ya pathupi kapena tizilombo tolowa m'chiberekero. Mayi wotere amabwera kunyumba ndi khanda m'manja, ndipo maso a aliyense amakhala pa khandalo. Apongozi ndi alamu amupumuze pa mtondo, pa nkhuni ndi pa mjigo kwa nthawi yotalikirapo kuposa masiku a chikuta. Bambo akambirane ndi mkazi wake ndiponso anamwino za kupumira asanatenge pathupi pena, chifukwa mayi amene impso zinamufookapo amakhala pachiopsezo cha BP pa mimba yotsatira ngakhale atachira. Akadzaima, ayambe sikelo mwezi woyamba umene wazindikira, anene mbiri yake, ndipo akachirire kuchipatala chachikulu.

Mwana amene anapulumuka malungo aakulu nayenso ayezedwe BP ndi mkodzo monga wamkulu. Azigona m'neti usiku uliwonse. Akabwerera kusukulu ndi kumadrasa, makolo akauze aphunzitsi ndi a mwalimu, kuti akamaiwala sura kapena kusinza m'kalasi amuleze mtima.

UDINDO WA PAMZIKITI

Ife Asilamu timadziwika ndi changu pa maliro. Uthenga ukangomveka, sanda imapezeka, manda amakumbidwa, ufa ndi nkhuni zimasonkhedwa dzuwa lisanapendeke. Allah atilipire pa zimenezi. Koma m'bale yemweyo akakhala moyo, n'kumasowa ndalama ya minibasi yopitira ku Liwonde kukayezetsa magazi, kawirikawiri amasowa womuona. Ambiri amene sabwerera kuchipatala pa tsiku lawo amalephera chifukwa cha thiransipoti ndi manyazi opempha.

Mutu umodzi susenza denga. Komiti ya mzikiti uliwonse ikhoza kudziwa anthu a m'jamaa yake amene atuluka m'chipatala miyezi itatu yapitayi, n'kupatula kangachepe pa chopereka cha Ijumaa kapena pa zakaat kuti tsiku la m'buku lisaphonyedwe. Amayi a dawa akhoza kugawana masiku otungira madzi mnzawo. Achinyamata akhoza kupalira munda wa bambo amene sanabwerere mphamvu. Mwini khoka akhoza kusungira mlovi wake malo, n'kumupatsa ntchito ya kumtunda kwa miyezi ingapo. Mwini mbumba alankhule ndi akuchikazi kuti mkamwini asanyozedwe. Ana athu amene ali ku Joni, potumiza ya malata, akumbukirenso ya ulendo wa kuchipatala. Ndipo Lachinayi lachiwiri la Marichi, limene ndi tsiku lokumbukira impso padziko lonse kuyambira mu 2006, a Shehe akhoza kuitana mlangizi wa zaumoyo kuti adzayeze anthu BP pabwalo la mzikiti.

Kuzonda wodwala ndi Sunnah ya Mtumiki wathu Muhammad (S.A.W.), ndipo sitinauzidwe kuti kumatha tsiku lotuluka m'chipatala. Sabata ino pitani kwa m'bale uja munamusiya pamkeka mukuti wachira. Mufunseni m'mene akugonera, m'mene akudyera, ndiponso ngati mapazi satupa. Kenaka mupempheni atulutse buku lija pansi pa sutikesi, muwerenge limodzi tsiku lobwerera.

Tikupempha Allah, Mwini kuchiritsa, kuti achize odwala athu kuchira kosasiya nthenda, awapatse sabr iwo ndi owasamalira, ndipo awakhululukire amene anatsogola. Ameen.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.